Galu wa Pabwalo ndi Galu wa Pampando

Nkhani ya lero ikuchokera kumunsi kwa dziko lino, ku Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene dzuwa la mwezi wa Okutobala limaotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Mlendo wotsika zitunda kuchokera ku Blantyre, nawoloka mlatho wa Kamuzu, akafika pakhomo lililonse, kaya ndi kwa Ngabu, ku Bangula, kwa Tengani kapena ku Marka kumalire, woyamba kumulonjera sakhala mwini khomo ai, amakhala galu. Galu wake ndi uja aliyense amamudziwa: wofiirira, woonda m'chiuno, wa kukamwa kosongoka ndi mchira wopindikira kumsana. Akauwa kawiri katatu mwana amatuluka namukalipira kuti achoke, ndipo iye amabwerera kukadzipinda pamthunzi wa nkhokwe.

Madzulo banja likakhala pamphasa kuti lidye, galuyo amakhala chapatali, maso ake akutsata dzanja lililonse lopita kukamwa. Mbale sayandikira, pakuti anaphunzira ali kamwana kuti pamenepo pali chikuni. Anthu akatha kudya amamuponyera nthongo ya nsima ndi mutu wa mlamba, ndipo tsiku lina saponyeredwa kanthu. M'nyumba salowa. Palibe amene amamusambitsa, ndipo akulu ambiri sanamukhudzepo ndi dzanja chibadwire chake.

Kodi banja limeneli limamukonda galuyo? Munthu wochokera ku London ataona zimenezi angayankhe msanga kuti ai, iyi ndi nkhanza. Mwini khomo nayenso atamva kuti ku London kuli agalu ogona pabedi, okhala ndi dokotala wawo, ovala malaya m'nyengo yozizira, ndi oikidwa m'manda okhala ndi mwala wolembedwa dzina, angagwedeze mutu nati anthu amenewo chuma chinawazunguza mitu. Aliyense mwa awiriwa akuona mbali imodzi, ndipo aliyense akumuweruza mnzake mofulumira.

Poyambira pabwino ndi pa chilankhulo. Chingerezi chili ndi liwu lakelake lotchulira nyama yosungidwa pakhomo chifukwa chongoikonda, yosadyedwa ndi yosagwira ntchito. Chichewa chilibe liwu lotere. Ng'ombe, mbuzi, nkhumba, bakha, galu ndi mphaka zonse ndi ziweto, ndipo kuweta ndi ntchito yoyembekezera phindu. Komabe omvera a ku Nsanje akudziwa kuti m'Chisena galu amatchedwa mwanambwa, ndipo wotchera khutu bwino amva liwu lakuti mwana kumayambiriro kwa dzinalo. Nyama yomwe imathamangitsidwa pamphasa ndi yomweyo imene chilankhulo chinaipatsa dzina la pabanja.

Makolo anafotokozanso za chiyambi cha ubale umenewu. M'nthano ya Kaphirintiwa, imene wansembe Matthew Schoffeleers, yemwe anakhala zaka zambiri akufufuza miyambo ya Amang'anja ndi chipembedzo cha Mbona ku Khulubvi, anailemba pamodzi ndi nthano zina, akuti pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama zonse ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, ndipo motowo unagwira tchire. Njovu, mkango ndi nyama zina zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu yemwe anayatsa motoyo kuti awateteze. Nthanoyi ikunena chinthu chozama: galu sanagwidwe pamsampha, anabwera yekha kudzapempha malo. Ndipo wobwera kudzapempha malo amalandiridwa, koma amadziwa pamene ayenera kukhala.

Malo amenewo galu wa kuchigwa amawalipira ndi ntchito. Ntchito yake yakale ndi uzimba. Masiku amene tchire la Lengwe ndi Majete linali lotseguka kwa aliyense, mlenje wopanda agalu anali ngati msodzi wopanda bwato. Agalu ankanunkhiza mapazi, kuvumbulutsa gwape ndi nguluwe, ndi kuimitsa nyama yolasidwa mpaka eni mikondo afike, ndipo matumbo anali gawo lawo losakanganirana. Lengwe inakhala nkhalango yotetezedwa ya dziko mu 1970, ndipo Majete, kuyambira 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira, inazunguliridwa ndi mpanda. Kusaka m'menemo ndi mlandu. Chotsalira kwa agalu a lero ndi akalulu, ntchenzi za m'mphepete mwa minda ya nzimbe, ndi kuperekeza anyamata kokumba mbewa.

Ntchito imene sinachepe ndi ulonda. Mapira ndi mchewere zikayamba kucha anyani amatsika, ndipo m'madimba nguluwe zimafukula mbatata usiku. Kukhola kumabwera fisi, komanso kumabwera mdani woposa fisi, ndiye wakuba ng'ombe, amene wasautsa alimi a chigwachi kwa zaka zambiri. Mlimi amagona tulo chifukwa akudziwa kuti kunja kuli makutu amene sagona. Iye amasiyanitsa kauwidwe ka galu wake monga mayi asiyanitsa kalilidwe ka khanda: uku akuuwa mnzake wa pakhomo lina, uku waona njoka, uku ndiye kwabwera munthu. Mwambi uja wakuti galu wamkota sakandira pachabe unachokera kwa anthu amene anamuyang'anitsitsa galu kwa nthawi yaitali, ndipo munthu sayang'anitsitsa chinthu chimene alibe nacho kanthu.

Mphaka nkhani yake ndi ina. Amasungidwa kaamba ka makoswe a m'nkhokwe, koma sakhulupiriridwa kwenikweni. Amaba nsomba zoyanika, amayenda mwakachetechete, maso ake amawala mumdima, ndipo mphaka wachilendo akalira padenga usiku ena amati watumidwa. Pano liwu lakuti kuweta limasonyeza nkhope yake ina, pakuti m'mphepete mwa Shire, ng'ona ikagwira munthu padooko, sipalephera kumveka manong'onong'o akuti ng'onayo ndi yoweta. Ichi ndi chikhulupiriro chabe, ndipo chadanitsa abale ambiri popanda umboni. Koma chikuthandiza kumvetsa chifukwa chimene munthu wokondana kwambiri ndi nyama, woilowetsa m'nyumba ndi kumayankhula nayo, amayang'anidwa ndi diso lokayika m'mudzi. Nkhunda zokha ndi zimene zili ndi mbiri yoyera. Pali chikhulupiriro chakuti sizikhala pakhomo pa mikangano, motero khola lodzaza nkhunda limachitira umboni mtendere wa banja.

Palinso ntchito ina ya galu imene mlendo sangaizindikire, ndiyo kunyamula mawu. Lero agalu ambiri ndi a Bruno, a Tiger ndi a Danger, koma mwambo wakale unali wopatsa galu dzina lokhala ndi uthenga. Mayi amene akunenedwa ndi anansi sapita kukayambana nawo. Amapeza kagalu nakatcha Mudzatopa, kapena Nenani, kapena Zilikwanu, ndipo madzulo aliwonse amaima pabwalo nakaitana mokweza mudzi wonse ukumva. Wolakwa amamva kuwawa, koma sangapite kwa nyakwawa kukasuma, pakuti adzauzidwa kuti mayiyo amangoitana galu wake. Chodabwitsa ndi ichi, kuti nyama yodalirika chotere ndi yomweyo imene dzina lake ndi chitonzo chachikulu. Kumutcha munthu galu ndi mlandu wofika nawo pabwalo.

Mmodzi mwa azungu oyamba kufika m'chigwachi anali David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire m'Januwale 1859 pa sitima ya Ma Robert, naona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh. Pa ulendo wake womaliza, umene unayamba mu 1866 nudzera kwa Mponda kumunsi kwa nyanja, anali ndi kagalu ka ubweya wopotana kotchedwa Chitane. Kagaluko kankathamanga kuchokera kutsogolo kwa mzere wa amtengatenga mpaka kumbuyo, kakupirikitsa agalu a m'midzi, ndipo usiku kankadziwa msasa wa mbuye wake. M'Januwale 1867, m'dera limene lero lili m'Zambia, aulendowo anawoloka dambo lalikulu madzi ali m'chiuno, aliyense akulimbana ndi katundu wake, ndipo Chitane anamira popanda womuona. Livingstone, munthu amene anali ataika mkazi wake Mary ku Shupanga mu 1862 ndi kuona imfa za anzake ambiri, anapeza malo m'buku lake la ulendo olembapo chisoni chake pa kagalu. Amtengatenga ake ayenera kuti anadabwa.

Iye anachokera ku dziko limene maganizo pa nyama anali akusintha. Mu 1824 ku London kunakhazikitsidwa bungwe loletsa kuchitira nkhanza nyama. Mu 1860 kunatsegulidwa nyumba yosungiramo agalu osochera, ndipo mu 1881 anthu anayamba kuika agalu awo m'kamanda ka ku Hyde Park. Bungwe loteteza ana ku nkhanza mumzinda womwewo linadzabwera mu 1884, patapita zaka 60 chiyambire la nyama. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuikumbukira pamene wina akuphunzitsa Amalawi za chifundo.

Chinachititsa kusinthaku ndi moyo wa m'mizinda. Anthu atachoka m'minda kupita ku mafakitale anasiyana ndi ng'ombe ndi nkhosa, nyama anayamba kuiona itadulidwa kale m'sitolo, ndipo chiweto chokha chotsala pafupi nawo chinali galu kapena mphaka wopanda munda woulondera. Mabanja anachepa. Ana akakula amapita kutali, ndipo nkhalamba imatsala yokha m'chipinda cha nyumba yosanja, kumene mwina sabata imatha osamva munthu akuitchula dzina. Kwa munthu wotero galu ndiye womudzutsa m'mawa, womutulutsa panja, ndi womulandira pakhomo. Gogo wa kwa Mbenje, amene adzukulu amamuzinga kuyambira tambala woyamba mpaka usiku, sangamvetse njala imeneyi chifukwa sanaimvepo.

Ndalama zimene zimalowa m'chikondi chimenechi ndi zoopsa kuzimva. Mu 2023 anthu a ku America anawononga madola pafupifupi 147 biliyoni pa zakudya, mankhwala ndi zina za agalu, amphaka ndi tiziweto tawo ta m'nyumba, ndalama zoposa kakhumi chuma chonse chimene dziko la Malawi linapanga m'chaka chimenecho. Mu 2007 mayi wina wolemera wa ku New York, Leona Helmsley, anasiyira galu wake madola 12 miliyoni, ndipo khoti linachita kuchepetsa ndalamazo. Ngakhale kumeneko si onse amene amagwirizana nazo. M'Januwale 2022 Papa Francis anadzudzula mabanja osankha agalu ndi amphaka m'malo mwa ana, ndipo mawu akewo anautsa mkangano waukulu.

Mmalawi akamva zimenezi nanyansidwa, kunyansidwa kwake kuli ndi maziko. Akulu amene anagwirapo ntchito ya ukhukhi m'nyumba za atsamunda amakumbukira kuphikira galu nyama tsiku ndi tsiku pamene ana awo kuseri akudyera nsima masamba. Munthu amene m'chaka cha njala anamira m'dambo kufunafuna nyika, ng'ona zili pomwepo, kuti ana ake alawe kanthu, sangauzidwe kuti galu ndi mwana. Iye akudziwa kusiyana kwake bwino lomwe.

Komatu kunena kuti kukonda nyama ndi matenda a anthu olemera a masiku ano ndi kulakwitsa. Mu 1914 ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anthu okumba miyala anapeza manda a zaka pafupifupi 14,000 momwe munagona mwamuna, mkazi ndi kagalu. Akatswiri atapimanso mano a kagaluko anapeza kuti kanadwala matenda aakulu kwa milungu ingapo kasanafe, matenda amene sikakanapirira popanda munthu wokafunditsa, kukamwetsa ndi kukapukuta. Kagalu kodwala sikasaka ndipo sikalondera. Anthu amenewo analibe ndalama kapena sitolo, koma anakasamala. Ku Egypt wakale amphaka ankakonzedwa mitembo ngati anthu, ndipo Herodotus analemba kuti mphaka akafa a pabanjapo ankameta nsidze. Omvera odziwa Baibulo akumbukiranso fanizo limene mneneri Natani anauza Davide m'buku lachiwiri la Samueli, la munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene kankadya naye, kumwera m'chikho chake ndi kugona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi. Davide sanaseke munthuyo. Anapsa mtima ndi wolemera amene anakapha. M'fanizolo wokonda chiweto ndi mmphawi.

Mitundu ya anthu imasiyana pa malire amene imaika. Asilamu ambiri salola galu m'nyumba chifukwa malovu ake amayesedwa odetsa, koma amalemekeza mphaka, ndipo chiphunzitso chawo chimayamikira munthu womwetsa madzi galu waludzu. Ku Nepal kuli tsiku la chikondwerero limene agalu, a pakhomo ndi a mumsewu omwe, amavekedwa maluwa m'khosi. Ku South Korea, kumene nyama ya galu inkadyedwa kuyambira kale, nyumba ya malamulo inavomereza m'Januwale 2024 lamulo lothetsa malonda amenewo, pakuti m'badwo watsopano unali utayamba kumuona galu ngati wa pabanja. Maganizo a mtundu amatha kutembenuka m'moyo wa munthu mmodzi. Ngakhale m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe tiagalu ta mitundu yakunja timagulitsidwa m'mphepete mwa msewu, ndipo kuli mabungwe osamala nyama okhala ndi zipatala zawo.

Wofuna kuona chikondi cha munthu wa kuchigwa pa nyama asayang'ane pansi pa nkhokwe pokha, apite kukhola. Chikwawa ndi Nsanje ndi kwawo kwa ng'ombe. Mlimi wa kwa Ngabu amadziwa iliyonse mwa ng'ombe zake, mayi wake, khalidwe lake, ndi chaka chimene inabadwa. Nkhunzi zokoka ngolo zili ndi maina ndipo zimamva zikaitanidwa. Alangizi a ziweto akhala akudandaula kuyambira kale kuti mlimi wotere amakana kugulitsa ngakhale imodzi, angakhale msipu utatha ndi fizi ya mwana ikufunika. Zoona, ng'ombe ndi banki, ndipo kwa Asena ndi malowolo a ana aamuna. Koma aliyense amene anaonapo nkhalamba itaima pakhola dzuwa likulowa, osachita kanthu, kungoyang'ana, akudziwa kuti pamenepo pali china choposa masamu. Munthu wa ku London angatche zimenezi kusaganiza bwino, monga momwe mlimiyo amatchulira galu wa pampando.

Ndipo pali mnyamata wobusa. Iye ndi galu amachoka limodzi m'mamawa, amagawana mkute ndi mbewa, amasambira limodzi, ndipo masana amagona mthunzi umodzi. Akulu sakhudza galu, koma mwana amamukumbatira. Mu 2015 akatswiri a ku Japan anasonyeza kuti munthu ndi galu wake akayang'anana m'maso, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka timadzi tomwe timachulukanso mwa mayi woyamwitsa akamayang'ana khanda lake. Thupi la mnyamata wa ku Makhanga silisiyana ndi la munthu wa ku Tokyo. Galuyo akafa mnyamatayo amalephera kudya, koma amalirira kuseri, pakuti akulu amuuza kuti kulira nyama ngati munthu ndi kulaula. Chikondi chilipo, koma mwambo sunachipatse mawu kapena maliro.

Madzi osefukira ndi amene amaika zonsezi poyera. M'Januwale 2015 Shire ndi Ruo zitasefukira, anthu a ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya kwa mtsinje anakhala masiku pa zulu ndi m'mitengo kudikira mabwato ndi ndege. Zinabwerezanso mu 2019, mu 2022, ndi m'Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 m'dziko muno opanda pokhala. M'bwato lopulumutsa anthu mulibe malo a galu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angatsitse mwana kuti akweze chiweto. Komabe opulumutsa amakumana ndi amuna okana kukwera chifukwa sangasiye ng'ombe ndi mbuzi zawo, ndipo anthu a kumtunda amawatcha osamva. Mu 2005 namondwe wa Katrina atamiza mzinda wa New Orleans ku America, anthu ambiri anakananso kuchoka chifukwa mabasi ndi misasa sizinkalola agalu ndi amphaka, ndipo ena anafera m'nyumba zawo. Chaka chotsatira dzikolo linapanga lamulo lakuti mapulani opulumutsa anthu aziganiziranso ziweto za m'nyumba. Phunziro lake ndi lothandiza kwa okonza misasa ya ku Bangula ndi kwina: munthu amasamuka msanga akadziwa kumene ziweto zake zikakhale.

Pali chifukwa china chachikulu chimene nkhani ya galu isali yoseketsa, ndicho chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 100 ogwidwa nawo 99 amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15, pakuti ndiwo amasewera ndi agalu, ndipo mwana akalumidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa. Kachilombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulinga ku ubongo, kawirikawiri kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Bala limapola, banja limaiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso dokotala kapena sing'anga amene angabweze munthuyo.

Koma imfa imeneyi ndi yopeweka, ndipo njira yake yadziwika kuyambira 1885 pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu ku France. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, kapena chipatala chaching'ono chapafupi chimene chingamutumize koyenera. Kuotcha ubweya wa galuyo ndi kupaka pabala, monga ena amachitira, sikupha kachilomboko. Galu woluma, ngati ali wodziwika ndipo angamangidwe popanda ngozi, amangiriridwe ndi kuonetsedwa kwa mlangizi wa ziweto kuti ayang'aniridwe masiku 10.

Kwa zaka zambiri njira yodziwika m'dziko muno inali kulengeza kuti agalu onse amangiriridwe, ndi kuombera opezeka akuyendayenda. Njirayi imaoneka yamphamvu, koma agalu amaswana msanga, ndipo malo a ophedwawo amadzazidwa ndi tiagalu tosabayidwa katemera. Chimene chimathetsa chiwewe ndi kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka, mpaka kachilomboko katasowa podumphira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi chiwewe ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa kwambiri.

Apa ndi pamene nkhani ya chikondi ikukumana ndi nkhani ya moyo. Galu amene sanakhudzidwepo ndi dzanja la munthu sagwirika tsiku la katemera. Akaona chingwe amathawira kuthengo, ndipo amabwera madzulo wobaya atapita. Galu wosadya mokwanira amayenda mitunda kufunafuna chakudya, nakumana ndi ankhandwe ndi agalu odwala, ndipo amafa asanakwane zaka zambiri, katemera wake napita naye. Koma galu wozolowera dzanja, wopatsidwa phala la madeya ndi madzi, wochotsedwa nkhupakupa, amakhala pakhomo, amagwirika, ndipo amakhala zaka zambiri ali ngati mpanda pakati pa chiwewe ndi ana a pamudzi. Palibe akupempha mlimi wa kwa Chapananga kuti agulire galu bedi. Pakati pa bedi ndi chikuni pali mtunda wautali, ndipo m'kati mwa mtundawo muli malo okwanira mwambo wa kuchigwa.

Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndipo alangizi a ziweto amalengeza masiku ndi malo a katemera kudzera kwa mafumu, m'masukulu ndi pa wailesi. Wopita pamalo oterewa adzaona kuti pamzere akulu ndi owerengeka. Odzaza pamenepo ndi ana. Wina wamanga galu wake ndi luzi, wina ndi chidutswa cha ukonde wakale, wina wanyamula tiagalu titatu m'dengu la amayi ake, ndipo wina, poti galu wake amaopa chingwe, wamusenza paphewa ulendo wonse kuchokera kudimba. Wobaya akafika pa iye amamuuza kuti amugwire mutu, ndipo mnyamatayo amaukumbatira pachifuwa, akumunong'oneza m'khutu mpaka singano itatuluka. Wolemba khadi amafunsa dzina la mwini, kenaka dzina la galu. Mnyamatayo amayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali anansi, nayankha chapansipansi kuti dzina lake ndi Mudzatopa.